Bud Spencer ndi Terence Hill, zibakera zomwe sizinaphepo munthu

Anthu tikayamba kukumbutsana za mafilimu a m'mavidiyo shoo akale aja, maina otuluka msanga ndi omwewo, Bruce Lee, Rambo, Chuck Norris, Van Damme, kenako mkangano uja wosatha woti atakumana ndani angamenye mnzake. Koma wina angoti "nanga chimkulu chandevu chija ndi mnzake wa maso a buluu uja?" muona aliyense wayamba kaye kuseka asanayankhe, ngakhale amene maina awo anawaiwala kalekale. Amenewo ndi Bud Spencer ndi Terence Hill. Ine ndikuti pagulu lonselo awiriwa ndi amene anapanga chinthu chovuta kuposa anzawo onse, ndipo ndi amenenso timawapeputsa kwambiri, chifukwa choti ankatiseketsa basi, ngati kuti kuseketsa munthu wamkulu ndi ntchito yamasewera.

Tichotse kaye bodza lomwe ambiri tinakula nalo. Anthu awa sanali a ku America, onse ndi a ku Italy. Bud Spencer dzina lake lenileni anali Carlo Pedersoli, wobadwira ku Napoli mu 1929, ndipo thupi lija musaliyese la mowa ndi nyama zokha ayi, mkuluyu ali mnyamata anali dolo wosambira, munthu woyamba wa ku Italy kusambira mamita 100 isanakwane miniti imodzi, mu 1950, ndipo anakaimira dziko lake ku Olympics ya ku Helsinki mu 1952 ndi ya ku Melbourne mu 1956. Anakhalapo ku South America akugwira ntchito zosiyanasiyana, pambuyo pake anaphunzira kuyendetsa ndege mpaka kutsegula kampani yake ya ndege yotchedwa Mistral Air. Terence Hill ndi Mario Girotti, wa ku Venice, wa mu 1939, mayi ake anali a ku Germany ndipo ubwana wake wina anathera komweko nkhondo ili mkati. Iyeyu nde anali wazisudzo weniweni, anayamba kuoneka m'mafilimu ali ndi zaka 12, ndipo mu 1963 anasewera nawo mu Il Gattopardo ya Luchino Visconti, filimu yomwe ophunzira za mafilimu amaigwadira mpaka lero. Maina achizungu cha Chingerezi aja anangowatola chifukwa masiku amenewo filimu ya makauboyi yopangidwa ku Italy inkayenda malonda kunja ngati pa positala pakuoneka ngati pali anthu a ku America. Carlo anatenga Spencer kwa Spencer Tracy yemwe ankamukonda, Bud nkutenga ku mowa wa Budweiser, nkhani yatha.

Kuyamba kwawo kugwirira limodzi mu 1967 kunali kwangozi. Giuseppe Colizzi ankajambula Dio perdona... io no!, nde amene amayenera kukhala stelingi, Peter Martell, anathyoka phazi, Girotti nkuitanidwa mwachangu kuti alowe m'malo. Filimu imeneyo siyoseketsa kwenikweni, ndi ya makauboyi amtundu uja wa Clint Eastwood, mfuti, mitembo, anthu osamwetulira. Anapanga zitatu za makauboyi ndi Colizzi ndipo mukaziona motsatizana mumaona nthabwala zikulowa pang'onopang'ono, chifukwa anthu awiriwa akangoima pamodzi, wina woonda akumwetulira mwachipongwe wina chimphona chotopa ndi moyo, maso a munthu amafuna kuseka kale asanayankhule. Amene anaiona bwino golide ameneyu ndi Enzo Barboni, yemwe anali atagwira kamera zaka zambiri, kuphatikizapo pa Django ya mu 1966, ndipo mu 1970 anatulutsa Lo chiamavano Trinità, yomwe ife tinaidziwa kuti They Call Me Trinity.

Taonani mmene imayambira filimu imeneyo. Kauboyi wa m'mafilimu ena onse amalowa m'tauni ali pamsana pa hatchi, khosi chilili, chipewa chaukhondo, aliyense akumuopa. Uyu, Trinity, yemwe ndi Terence Hill, akubwera atagona chagada pa kabedi ka mitengo komwe hatchi ikukoka pansi, chipewa kumaso, malaya ong'ambikang'ambika, fumbi thupi lonse, hatchi ikuwoloka naye madzi iye osasamala nkomwe. Kufika pa kanyumba kodyera akukhutula nsapato muli chinkhanira, nkukhala pansi, mwini malo akuti amugawire nyemba pang'ono m'mbale iye nkulanda chiwaya chonse, nkuyamba kutapa ndi chipande, buledi kudzanja linali, osayang'ana munthu, mpaka kupukuta chiwayacho ndi buledi yemweyo, nkugeya. Palibe mawu ambiri pamenepo. Terence Hill anasala kudya nthawi yaitali asanajambule gawo limeneli ndipo zikuoneka, munthu sunganamizire kudya kwa mtundu umenewo. Pa mamineti ochepa amenewo Barboni anagwetsa pansi ulemu wonse wa kauboyi, nkutiuza kuti stelingi wathu ndi mphawi waulesi wanjala, ndipo tikhala mbali yake.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga. Mafilimu a awiriwa ndi nthabwala za anthu anjala. Pafupifupi iliyonse muli chakudya pakatikati pa nkhani, nyemba, mazira okazinga, masoseji, nkhuku yonse yong'amba ndi manja, ndipo mdani woipitsitsa m'maso mwa Bud si wakuba kapena wakupha, ndi munthu womusokoneza akudya. Mu 1970 ku Italy kunali kutangodutsa zaka 25 chithereni nkhondo, akuluakulu ambiri okhala m'maholo a kanema aja ankaikumbukira njala m'mimba mwawo, ndipo anthu akummwera kwa dzikolo anali akusamukabe kupita ku mafakitale a ku Torino, Milano ndi ku Germany kukasaka ntchito. Komanso kuseka njala ndi mwambo wakale kwawo kwa Bud, Totò, katswiri wanthabwala wa ku Napoli, ali ndi gawo lotchuka mu filimu ya 1954 pomwe akulonga supageti m'matumba a jekete atakwera patebulo. Nde mu Trinity yachiwiri ya 1971 awiriwa akalowa mu lesitilanti ya anthu olemera atavala masuti osawayenera, nkumadya ndi manja, kumwa vinyo ngati madzi, mawetala akunjenjemera, azimayi azipewa akutembenuka, amene akusekedwa si iwo ayi, akusekedwa ndi malamulo a patebulo aja omwe anapangidwa kuti munthu wosauka azichita manyazi. Filimu imeneyo inagulitsa matikiti opitirira 14 miliyoni ku Italy kokha. Ndipo mwana wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene analipira kandalama kake pakhomo nkukhala pabenchi sanafunike womufotokozera chomwe chikuchitika patebulo paja.

Tsopano zibakera. Pali anthu amati mafilimu amenewa ndi ndewu zokhazokha ndipo amaphunzitsa ana chiwawa. Ndimawamva, koma ndikuganiza kuti sanaonetsetse. Nzoona mu Trinity yoyamba anthu angapo amagwa ndi mfuti koyambirira, zinali zotsalira za makauboyi akale zija, koma ndewu yaikulu yakumapeto, pomwe akuteteza alimi a chipembedzo cha Mormon kwa Major wofuna kuwalanda chigwa chawo, mfuti zimaikidwa pambali ndipo anthu makumimakumi amakunthana ndi manja, matabwa, mapoto, popanda wofa. Kuyambira pamenepo nde linakhala lamulo. Magazi palibe. Munthu amamenyedwa chibakera chija cha pamwamba pa mutu, Bud akuchitsitsa ngati hamala, maso nkutembenuka, kugwa, pakapita kanthawi wadzuka wabweranso kudzalandira china. Makofi a Terence othamanga aja, atatu anayi munthu asanaphethire. Phokoso lake lomwe lija lochita kuwonjezera mu situdiyo, loti palibe khofi lenileni limalira choncho. Chilichonse chikukuuza kuti aise izi nzosewera. Yerekezani ndi Rambo yemwe amasesa mudzi wonse ndi mfuti yaikulu kamera nkumaonetsa matupi akuuluka, nde mundiuze kuti chiwawa chenicheni chili kuti.

Komanso ndewu zimenezo ndi luso, si chipwirikiti. Ankayenda ndi gulu lomwelo la anthu odziwa kugwa, nchifukwa chake mumaona nkhope zomwezo filimu ndi filimu, monga Riccardo Pizzuti, mkulu wamasharubu uja amene ntchito yake inali kubwera mwamatama nkumenyedwa. Munthu aliyense ankadziwa pomwe aimire, liti atembenuke, agwere tebulo liti, ndipo kamera imaima patali kuti uone thupi lonse, osati zamasiku ano zodula zithunzi sekondi iliyonse kuti ubise kuti stelingi sadziwa kuponya mwendo. Bud samathamanga, samadumpha, amangoima pakati adani nkumabwera okha, wina akumuswera mpando pamsana iye nkutembenuka pang'onopang'ono ndi nkhope yoti "zoona wandipanga zimenezi?" Terence nde amazungulira, kukwera pa mtanda wa denga, kubisala kumbuyo kwa mnzakeyo, kuyambitsa mkangano nkusiyira wina. Kuti zimenezi ziseketse pamafunika kuwerengera nthawi ngati oimba, kuchedwa pang'ono basi nthabwala yafa.

Chodandaula china, chomwe olemba za mafilimu ku Italy ankachikonda kwambiri, nchakuti awiriwa anapanga filimu imodzi yomweyo kambirimbiri. Asinthe zovala, lero makauboyi, mawa oyendetsa ndege ku Colombia, mkuja apolisi ku Miami, kenako ansembe, koma nkhani ndi yomweyo, wochenjera amakokera wamphamvu m'mavuto, wamphamvu akukana, pali anthu ofooka akuponderezedwa, ndewu yaikulu, basi. Eya ndi zoona, ndipo sindikuona vuto. Nthano za Kalulu timazidziwa mathero ake zisanayambe, tikudziwa kuti Njovu apusitsidwa ndipo adzakwiya mochedwa, koma palibe mwana anayamba wauza agogo ake kuti imeneyo tinaimva kale sinthani. Chokoma chili m'kanenedwe ndi m'kudikira chinthu chomwe ukudziwa kuti chikubwera. Bud akayamba kupuma mozama, kuyang'ana kumwamba, kutseka maso pang'ono, holo yonse imadziwa kuti wina watsala pang'ono kuona nyenyezi, ndipo kuseka kumayamba chibakera chisanafike.

Imene imaonetsa bwino mtima wa zonsezi kwa ine ndi ya 1974, Altrimenti ci arrabbiamo, pa Chingerezi Watch Out, We're Mad, yojambulidwa mbali yaikulu ku Madrid. Awiriwa afika limodzi pa mpikisano wa magalimoto ndipo mphotho ndi imodzi, kagalimoto ka mumchenga kofiira kadenga kachikasu. Agwirizana kuti apikisane kudya masoseji ndi kumwa mowa, wogonja alipire ndipo ataye galimoto. Ali mkati modya zigawenga za bwana wina zabwera kudzaphwanya malowo chifukwa akufuna kugwetsa malo amasewera a ana kuti amangepo nyumba zitalizitali, iwo akungodyabe matebulo akuuluka, mpaka kagalimoto kaja katenthedwa. Nde amapita kwa bwanayo mwaulemu ndithu, kukamuuza kuti tikufuna galimoto ina, yofiira yadenga lachikasu, apo ayi tikwiya. Sakufuna kupulumutsa dziko, sakufuna mamiliyoni, sakubwezera imfa ya m'bale wawo. Akufuna chinthu chawo chomwe chawonongedwa, chimodzimodzi mmene chinalili. Munthu aliyense amene anayamba walimbana ndi wamkulu pa kanthu kakang'ono koma kake amaimva nkhani imeneyi. Ndipo kumapeto atapatsidwa magalimoto awiri, imodzi imapsanso, nkubwerera pa masoseji paja.

Mathero otere amabwera kawirikawiri m'mafilimu awo. Mu Trinity yoyamba Bud ndi Bambino, wakuba mahatchi wonamizira kukhala sherifi, wavutika filimu yonse kuti abe mahatchi a Major, kumapeto nkupeza kuti m'bale wake Trinity wawapereka kwa alimi aja. Trinity nayenso watsala pang'ono kukwatira nkukhazikika, akangomva kuti moyo wakewo ndi wogwira ntchito kuyambira m'mawa, wagonanso pa kabedi kake hatchi nkumukoka. Amapambana ndewu koma chuma chimawapulumuka m'manja. Ine ndimaona kuti apa anali oona mtima kuposa mafilimu ambiri aulemu, chifukwa anthu owaonera aja nawonso ankatuluka m'holo matumba ali chimodzimodzi.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe anafikira kutali chonchi, ayerekezeni ndi awiri ena a kwawo komweko, Franco Franchi ndi Ciccio Ingrassia a ku Palermo. Amenewa anapanga limodzi mafilimu opitirira 100, ku Italy ndi mafumu, Ciccio mpaka anasewera mu Amarcord ya Fellini, katswiri wotsogolera mafilimu wa ku Italy. Bud ndi Terence anapanga 18 okha. Koma funsani ku Lilongwe kapena ku Chipata ngati alipo anamvapo za Franco ndi Ciccio. Nthabwala zawo zambiri zinali m'kamwa, kayankhulidwe ka ku Sicily, kusewera ndi mawu, kuseka mafilimu ndi anthu omwe Mtaliyana yekha akuwadziwa, nde zikawoloka malire zimafika zitazizira. Za Bud ndi Terence zinali m'thupi, mungathe kuzimitsa mawu onse, kapena sipika ya vidiyo shoo ikhale yolira ngati njuchi, muzisekabe.

Chosangalatsa nchakuti ngakhale ku Italy komweko mawu omwe anthu ankamva m'mafilimu ambiri sanali awo, Bud ankamuyankhulira Glauco Onorato, Terence ankamuyankhulira Pino Locchi. Ku Germany nde zinafika pena. Rainer Brandt ndi anzake ankaika nthabwala zawozawo zomwe mu filimu yeniyeni mulibe, munthu akangotembenukira kumbali kamera osaona pakamwa amamuika mawu, ndipo anafika potenga ya 1967 ija yosaseketsa, kuidula, kuiyankhuliranso, nkuitulutsa ngati yanthabwala. Ajeremani mpaka lero amaloweza mawu amenewo. Ndikamva anthu akunyoza anyamata athu omasulira mafilimu m'Chichewa kuti amangopeka zawo osatsata zomwe mzungu wanena, ndimakumbuka kuti ku Germany munthu anatchuka dziko lonse ndi ntchito yomweyo. Kusiyana kwake nkoti uko analipira eni filimu, ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Pali pomwe sindingawaikire kumbuyo. Akazi m'mafilimu awo alipo ngati maluwa apatebulo, amamwetulira, amapulumutsidwa, basi. Ndipo akafika ku Africa zinthu zimandiwawa. Io sto con gli ippopotami ya 1979, ija ya mvuu, nkhani yake ikuchitikira ku Rhodesia cha m'ma 1950 ndipo inajambulidwa ku South Africa tsankho lili pachimake, patangopita zaka zitatu ana asukulu ataphedwa ku Soweto. Nkhani yake ndi yokoma mtima, akulimbana ndi Ormond, munthu wogwira nyama zakutchire nkumazigulitsa kunja (amene anasewera gawo limeneli ndi wankhonya Joe Bugner uja anamenyanapo ndi Muhammad Ali), ndipo kumapeto amamasula nyamazo. Koma taonani anthu akuda mufilimumo, ndi oimba, ovina, oseka, odikira azungu awiri abwino kuti awathandize, ndipo filimu yonse ikudandaula za ufulu wa mikango ndi njovu m'dziko lomwe eni ake analibe ufulu wovota. Bud payekha anapanganso Piedone l'africano mu 1978 kumwera konkuno, ndi kamnyamata kachizulu kotchedwa Bodo, vuto lake lofanana. Sindikuti anali anthu oipa, ndikuti anthu omwe ankadziwa bwino kuseka olemera a kwawo anafika pamalo pomwe kuponderezana kunali poyera nkuyang'ana kumbali. Amene amawakonda asamabise zimenezi.

Ulemu kwawo unabwera mochedwa. Mphotho ya David di Donatello yoyamikira ntchito ya moyo wawo wonse anailandira mu 2010, patapita zaka 40 chitulukireni Trinity, ndipo Bud ankadandaula poyera kuti ku Italy anthu a mafilimu samuwerengera. Iye mwini ankakonda kunena kuti wazisudzo ndi Terence, iye ayi, ndipo mwina ndi zomwe zinawasunga, panalibe kulimbirana kuti wamkulu ndani, onse awiri ankanena kuti sanakanganepo. Kunja nde ankawalandira ngati mafumu. Mu 2011 anthu a tauni ya Schwäbisch Gmünd ku Germany anavota pa intaneti kuti msewu wapansi wa m'tauni mwawo utchedwe Bud Spencer, akhonsolo anakana, koma pofuna kuziziritsa anthu anapereka dzinalo ku dziwe losambiramo lomwe iye anapikisanamo ali mnyamata. Ku Budapest anamuimikira chipilala mu 2017, ku Hungary mafilimu awo ankaonetsedwa ngakhale nthawi ya chikomyunizimu. Ku Berlin kunatsegulidwa nyumba yosungiramo mbiri yake mu 2021. Bud anamwalira pa 27 June 2016 ku Rome ali ndi zaka 86. Terence anapeza moyo wachiwiri pa TV, kuyambira 2000 mpaka 2022 anali Don Matteo pa wailesi ya kanema ya ku Italy ya Rai, wansembe wapanjinga wothandiza apolisi kufufuza milandu, moti ana ambiri a ku Italy anamudziwa kaye ngati bambo mfumu asanadziwe kuti agogowa ankagawa makofi.

Ngati wina akukayikabe kuti panali luso, aone zomwe zimachitika ena akayesa. Mu 2022 anapanganso ija ya kagalimoto kofiira ndi anyamata ena, wina wandevu wina woonda, galimoto yomweyo, makofi omwewo, koma ine sindinapezemo chomwe chinkandiseketsa chija. Ngakhale eni akewo chinawathawa atakalamba, Miami Supercops ya 1985 ikuoneka kale kuti atopa, ndipo atabwererana mu 1994 ndi Botte di Natale, yomwe Terence anatsogolera yekha, anthu sanapite kukaonera. Nde ngati muli ndi ana kunyumba ndipo mukufuna kuwaonetsa, musayambire kumapeto kumeneko. Yambani ndi Trinity ziwiri zija, kenako ya kagalimoto, kenako Crime Busters ya 1977 pomwe anthu awiri osowa ntchito apita kukaba nkulakwitsa chitseko, kulowa mu ofesi yolembera apolisi, nkutuluka atalembedwa ntchito. Ya mvuu ija muionere limodzi nawo, chifukwa pali zoti muwafotokozere.